Nkhwali ndi Mawu a M'una

Padangokhala. Amene muli pano yankhani kuti tili tonse, ndipo muyankhe mokweza, chifukwa nthano iyi ndi ya mayi amene analibe womuyankha.

Mayiyo anali Nkhwali. Mwamuna wake anachoka m'mawa wina akuti akukaona anzake kudambo, ndipo kumeneko anakaona Nkhanga ndi maanga ake. Zotsalazo mukuzidziwa kale, paja akuluakulu adati waona nkhanga maanga wataya nkhwali. Bamboyo anasiya nthenga imodzi pakhomo ndi mazira asanu m'chisa, osatsanzika n'komwe.

Tsono kufungatira ndi ntchito ya munthu mmodzi. Mbalame zoikira pansi zili ndi mwambo wake: mnzako umamufunsa ngati mazira afunda, sumufunsa kumene ali. Chisa sachidziwa mlamu, sachidziwa mpongozi. Choncho kwa Nkhwali kunalibe wobwera kudzaodira. Ankangokhala phee tsiku lonse, kumvera mtima wake ukugunda pamazira. Neba yekhayo anali Nsato, amenenso ankafungatira ake kuseri kwa chulu, koma ndani wamisala angapite kukacheza kwa Nsato? Dzuwa likafika paliwombo, Nkhwali ankaphimba mazira ndi masamba, n'kuyenda njira yokhotakhota mpaka pamalo pamene ankasamba fumbi. Akatola timbewu tiwiri titatu ankabwerera msanga. Anasungulumwa kwambiri mayi ameneyu, mpaka nthawi zina ankayankhula ndi nthenga ija.

Masiku amenewo Mfuko anali atatchuka. Anakumba mauna pansi ponse n'kuwalumikiza, moti Gologolo akayankhula pakhomo pake, Nungu ankamva ali kutsidya. Uthenga wa maliro, wa ukwati, miseche, zonse zinkayenda pansi, ndipo nyama zinasiya kuyenderana. Maso a Mfuko anali ofooka, dzuwa linkamuwawa, koma makutu ndiwo anali munda wake.

Tsiku lina Nkhwali akusamba fumbi, dothi linatukuka pambali pake, ndipo panatulukira mano awiri aakulu.

"Pepani amayi, ndakudzidzimutsani," anatero Mfuko. "Ndamva mapazi a munthu woyenda yekha."

"Mapazi amanenanso zimenezo?"

"Amanena zambiri. Ndikutsegulireni kauna, muzicheza ndi anzanu."

"Mtengo wake?"

"Mtengo wa chiyaninso? Ndi zaulere, amayi. Mungomvera kanyimbo kanga ka malamulo, mukaomba m'manja ndiye kuti tapangana."

Anayamba kuimba. Nyimboyo inali yaitali ngati njira ya kumaliro. Ndime zake ankazitafunira m'mano, mothamanga, osamveka mutu kapena mchira. Koma akafika pobwereza, mawu ankatuluka oyera ndi okoma, olonjeza kuti palibe adzadyenso yekha, palibe adzalire popanda womumva. Nkhwali ankaganiza za mazira ake kuti akuzizira, ndiye pobwereza paja patabweranso, anaomba mapiko, misozi ili chuchuchu. Musamuseke. Nyama zonse zinali zitaomba chimodzimodzi, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene inamvapo ndime zapakati.

"Kwanu ndi kuti, ndikufikitsireni pakhomo penipeni?" anafunsa Mfuko.

"Pompano pali bwino," anayankha Nkhwali. Kusungulumwa kunali kusanamudye nzeru zonse.

Kuyambira tsiku limenelo ankathamangira pauna masana aliwonse. M'menemo munali phokoso ngati pamsika. Aliyense ankadzitama, aliyense ankayankhula, womvera ndiye analibe. Nkhwali anapereka moni, moniyo anangomira. Mawa lake anayesanso, n'kunena kuti msana ukumuwawa ndi kufungatira. Palibe anati pepani.

Koma tsiku lotsatira anapeza Chule, sing'anga uja, atakhala pambali pa una ndi thumba la mizu.

"Mankhwala a msana, amayi. Omwa alipo, otemera alipo."

"Wakuuzani ndani kuti ndikudwala msana?"

"Ife asing'anga timalota," anatero Chule, maso ali kumbali.

Nkhwali anaweramira pauna n'kuitana mwini wake. "A Mfuko, mawu anga akupezeka bwanji m'thumba la Chule?"

"Si munaomba m'manja, amayi?" Mfuko anaimbanso ndime ina yapakati, ulendo uno pang'onopang'ono, ndipo inkanena kuti mawu odutsa m'nyumba ya munthu ndi a mwini nyumba. Nkhwali asanatsegule pakamwa, Mfuko anagwera pobwereza paja, pa kudya ndi anzako ndi kulira pali wokumva, ndipo mkwiyo wa mayiyo unasungunuka ngati mchere m'ndiwo.

"Vuto lanu ndalimva," anatero Mfuko. "Pagulu simukupawerengera. Ndili ndi kauna kapadera, ka anthu awiri okha. Kumapeto kwake kuli gogo wina, Zinziri, dzina lake aNangondo. Ndi wamasiye, mwendo unathyoka, sayenda. Nayenso alibe wocheza naye."

Mawa lake m'kaunako munamveka mawu ang'onoang'ono onjenjemera. "Mwaswera bwanji, mwana wanga? Afunda?"

Nkhwali anasendera pafupi ndi kaunako. Chichokereni mwamuna wake, palibe anali atamufunsapo funso limeneli.

Eee, anagwirizana anthu awiriwa! ANangondo ankadziwa kumvetsera. Ankaseka pofunika kuseka, ankati kalanga ine pofunika kudandaula, ndipo zimene wawauza dzulo sankaiwala. Nkhwali anayamba kudzuka akuganiza zimene akawauze masana. Anawauza za ubwana wake, za mayi ake amene anakodwa mumsampha, za mantha ake akuti mwina mazira onse adzasukusa. Tsiku lina anaulula ndi zija ankachita nazo manyazi, kuti nthenga ya mwamuna wake anaisunga pansi pa mazira, ndipo bamboyo atabwera lero lomwe angamulandire.

"Lira, mwana wanga," anatero aNangondo. "Pano tili awiri."

Kutacha, Chule anali pauna kachiwiri, thumba lili lina.

"Konda ine, amayi. Wamphamvu, wobweza mwamuna ngakhale ali kutsidya la nyanja. Mungobweretsa nthenga ija mumagonera."

Ana a Gologolo amene anali mumtengo anaphulika nako kuseka. Nkhwali anamva ngati amuvula nthenga zonse pabwalo.

"A Mfuko!" anakuwa. "Tsekani una wanuwu, ndipo mundibwezere mawu anga onse!"

"Kutseka n'kosavuta," anayankha Mfuko ali m'kati. "Koma kubweza mawu, amayi, paja madzi akatayika saoleka. Ilinso ndi ndime yake imeneyo, ndikuimbireni?"

"Musandiimbire!"

"Chabwino. Koma mukatseka, aNangondo azicheza ndi yani? Gogo wosayenda uja?"

Nkhwali anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anapita kwa Nguluwe, nduna imene inkamva madandaulo a nyama zonse. Anaipeza ikukukuta chinangwa, mulu uli pambali, ndipo chinangwa chilichonse chinali ndi zipsera za mano awiri aakulu.

"Odi, bwana. Ndabwera kudzadandaula za a Mfuko."

"Madandaulo masiku ano sitilandira pamaso," anatero Nguluwe, pakamwa pali tho. "Tinapita patsogolo. Kanenereni m'una, afika."

"Una wa a Mfuko omwewo?"

"Pali winanso?"

Pobwerera, Nkhwali anaona Likongwe, mbava ya mazira yodziwika dera lonse, akutula dengu la mbatata pakhomo lalikulu la Mfuko. Anadzifunsa kuti kodi Likongwe angagule chiyani kwa munthu amene sagulitsa kanthu. Yankho analiona, koma analikankhira kumbali, chifukwa linkamuopsa.

Analumbira kuti pauna sapondanso, ndipo anayesetsa ndithu. Ankasamba fumbi kwina, n'kubwerera pachisa kukakhala chete. Koma chete wa munthu amene analawako macheza amawawa kuposa woyamba uja. Ankapezeka akusunga tinkhani, akuti aka ndikawauza aNangondo, kenako n'kukumbukira. Pamapeto pake miyendo inamutenga yokha.

"Mwana wanga, ndimayesa wafa!" analira aNangondo. Atamva za Chule ndi nthenga, anatukwana kwambiri. "Mfuko ndi mfiti! Galu wa mano kunja! Ndiye kuti amamvetsera ndi kuno komwe? Tiziyankhula motsitsa."

Nkhwali anakhulupirira, chifukwa ankafuna kukhulupirira.

Masiku oswa atayandikira, mayiyo anali atatheratu, nthenga za pamimba zitasosoka. Anauza aNangondo kuti anapiye ayamba kugogoda m'kati.

"Ndiye sungakhale wekha pa nthawi ngati imeneyi," anatero gogoyo. "Mwendo wayamba kupola. Undiuze pamene pali chisa, ndikwawe pang'onopang'ono, ndidzakufungatirireko iwe ukadye."

Nkhwali anadziwa kuti funso limeneli mbalame sifunsa. Koma anadziuza kuti ndi ukalamba, ndi chikondi. Taganizani, munthu wobwera kudzakhala naye, woodira pakhomo pake! Njira yonse inali itafika kale pa lilime.

"Uyenera kudya," anapitiriza aNangondo. "Makamaka chinangwa chachiwisi, kuti mkaka udzatuluke wambiri. Ine anga onse ndinawayamwitsa choncho."

Nkhwali anaibweza njira ija isanatuluke pakamwa.

Mkaka? Zinziri? Kuyambira liti mbalame ili ndi bere? Anatchera khutu bwinobwino, ndipo kuseri kwa mawu onjenjemera aja anamva kamluzu kakang'ono, ka mpweya wodutsa pakati pa mano awiri aakulu. Kanalipo masiku onsewa. Iye ndiye sankafuna kukamva.

Sanakuwe. Anangonena kuti, "Zikomo amayi, malangizo abwino. Njira ndi yovuta kufotokoza, ndikaiyang'anenso bwino. Ndikuuzani mawa."

Panjira analira ngati wafedwa, ndipo analidi atafedwa, kungoti maliro ake analibe mtembo. Atalira mokwanira anapukuta maso n'kukhota, kulunjika kuseri kwa chulu. Anaima patali, pamene anaona kuti angathe kuuluka zitavuta.

"Odi, aneba!"

Nsato anadzutsa mutu pamwamba pa mazira ake. Anali ataonda, khungu lili lendelende, pakuti nsato ikamafungatira sichoka ndipo siidya.

"Ndani akuodira kwa ine? Chibadwire sindinamvepo odi pakhomo panga."

"Ndine Nkhwali, neba wanu. Ndabwera kudzapempha chinthu chimene ndi chanu. Pali anthu akufuna kudziwa pamene mayi wina akufungatira yekha, wopanda mwamuna, wotopa ndi njala. Akufuna mazira. Ndikanatha kungowalozera kuno osakuuzani, koma pakhomo pa munthu saulula mwini asanalole. Zandichitikira, ndikudziwa kuwawa kwake."

Nsato anatulutsa lilime kawiri. "Anthuwo ndi onenepa?"

"Amadya bwino."

"Auzeni, aneba. Muwauze ndi njira yachidule." Kenako anatsitsa mawu. "Bwanji osasendera pafupi, ticheze pang'ono? Inenso kuno kumandikulira."

Nkhwali anamuyang'ana, ndipo anaona kuti akunena zoona. Anaonanso kuti njala yake ndi yoona.

"Ndikumva bwino ndili pompano, aneba."

"Mwachita bwino," anatero Nsato mwachisoni, n'kugonekanso mutu.

Mawa lake masana Nkhwali anaweramira pakauna. "Amayi, mumvetsetse. Mukafika pachulu chachikulu muzungulire kuseri. Pali phanga laling'ono pansi pa chitsa. Mayi amene akufungatira pamenepo ali yekhayekha, ndipo mlendo amulandira ndi thupi lonse."

"Ndamva, mwana wanga, ndamva!" Chisangalalo chinachuluka mpaka mawu a gogo anatsala pang'ono kugwa m'kamwa.

Bodza Nkhwali sananene ngakhale limodzi. Anakhala pambali pa una n'kudikira.

Mfuko, pokhala wamalonda, nkhaniyo sanaigulitse kwa Likongwe yekha. Anaigulitsanso kwa Ng'azi, aliyense akumuuza kuti ndi iwe wekha ukudziwa. Awiriwo anakumana pachitsa, n'kuyamba kukankhana kuti alowe ndani poyamba. Ng'azi ndiye anapambana, ndipo kupambana kwake kunathera pomwepo. Likongwe anangoona mchira wa mnzake ukupita, iyenso n'kukwapulidwa m'nthiti, nathawa akukuwa mayo.

Mkwiyo suona malo. Una woyamba umene Likongwe anaupeza unali wa pagulu, ndipo analowetsamo mutu wonse.

"Mfuko, wakuba iwe! Ndinakupatsa mbatata dengu lathunthu kuti undiuze chisa cha Nkhwali, iwe n'kunditumiza kwa Nsato! Chaka chatha unandigulitsa bwinobwino ana a Gologolo, unandiuza ndi nthawi imene Njiwa amapita kumadzi. Lero wayamba chinyengo? Bweza mbatata zanga!"

Mawuwo anayenda m'mauna onse, n'kutulukira pakhomo lililonse. Kwa nthawi yoyamba chikumbireni mauna aja, pansi panati zii, aliyense akumvetsera. Kenako kunamveka kulira kwa mkazi wa Gologolo, amene chaka chonse ankati ana ake oyamba anatengedwa ndi tsoka.

Mfuko anayesa kuimba. Anayambira pobwereza penipeni, paja pokoma, koma palibe anaomba m'manja. Nguluwe anafika akupukuta pakamwa, akuti iye ankakayikira kuyambira kale. Nyama zambiri zinakwirira mauna awo tsiku lomwelo. Zina zinati zikwirira mawa, zikangomva mmene nkhaniyi ithere, ndipo ndikukuuzani, zina mpaka lero zikadamverabe. Likongwe ndiye analumbira kuti mlandu suola. N'chifukwa chake Mfuko akangoboola pamwamba amatsekanso msanga ndi kamulu ka dothi, ndipo amakhala yekha m'nyumba ya zipinda zambirimbiri.

Mazira asanu aja anaswa onse. Nkhwali anatulutsa nthenga ija m'chisa n'kuisiya kuti mphepo ione chochita nayo.

Tsiku lina akuphunzitsa anapiye kusamba fumbi, anafika pamalo akale aja. Kauna kanali kokwiririka, koma pansi pa dothi panamveka mawu ang'onoang'ono onjenjemera.

"Mwaswera bwanji, mwana wanga? Aswa?"

Nkhwali anaima. Mtima unadumpha ndi chimwemwe usanakumbuke, ndipo chimenecho ndicho chinamupweteka koposa.

"A Mfuko, siyani zimenezo."

Mfuko anayankha ndi mawu ake enieni, okhuthala, a kamluzu. "Palibe akugula tsopano, amayi. Ndangofunsa."

"Zonse zija zinali malonda?"

"Malonda anali malonda. Koma dzuwa likafika pamutu ndinkasiya kukumba, n'kumadikira mapazi anu. Nyama zonse zinkayankhula m'nyumba mwanga, woyankhula ndi ine munali inu nokha."

"Sindinkayankhula ndi inu. Ndinkayankhula ndi aNangondo."

"Angathe kubweranso. Mungopalasa pang'ono pamwambapa."

Nkhwali anayang'ana kamulu kadothiko. Kanali kofewa, phazi limodzi likanakwana. Anali ndi nkhani zambiri zimene anasunga: mmene woyamba anatulukira chammbuyo, mmene wotsiriza anamuchititsira mantha, mmene Nsato anamufunira mafuno abwino ali patali. Panalibe wina padziko amene akanaseka pofunika kuseka ngati gogo uja.

Kamwanapiye kamodzi kanamukoka nthenga. "Amayi, akuyankhula pansipo ndani?"

"Ndi agogo ena amene ndinkawakonda," anatero Nkhwali. "Anamwalira."

Anatembenuka, napalasa fumbi chammbuyo mpaka kamulu kaja kanakwera, n'kuitana ana ake kuti azipita.

Mpaka lero nkhwali ikakhala ndi mawu imakwera pachulu m'mawa ndi madzulo, n'kukuwa poyera kuti amve aliyense, waulere ndi wogula yemwe. Zimene sifuna kuti zimveke siuza munthu, imangozifungatira. Mukadzaimva ikuitana kenako n'kukhala chete kanthawi, mutu utapendekera pansi, musadzaiponye mwala. Imakhala ikumvera ngati pali woyankha.

Nthano yanga yathera pamenepa. Kaphuleni mbatata ija pamoto, ndipo muidye osauza una uliwonse.